Alendo obisala pakati pa anthu: America inkalemba, Canada inkajambula

Masewero apakanema onena za zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, zomwe zimavala thupi la munthu n'kumakhala pakati pathu, ambiri timawatenga ngati a ku America basi. Koma ukaonetsetsa, ambiri mwa masewerowa anapangidwa kutsidya kwa malire, ku Canada, ndipo mayiko awiri oyandikanawa sanagwire ntchitoyi mofanana.

Ku America nkhani zake zinkachokera pa mantha enieni. Sewero la The Invaders, lomwe linayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya ABC mu 1967, linabwera nthawi imene America ndi Soviet Union ankaonerana m'kodi, munthu akukayikira ngakhale mnansi wake kuti mwina ndi kazitape. M'seweroli, David Vincent, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anaona chombo cha alendo a ku pulaneti lina chikutera usiku, koma aliyense amene ankamuuza ankamuyesa wamisala. Alendowo ankavala masuti ngati aliyense. Chowazindikirira chinali kachala kakumapeto kouma kosapindika, komanso kuti mtima wawo sunkagunda. Akafa, thupi linkayaka mofiira n'kuzimiririka, Vincent n'kutsala wopanda umboni. Apa m'pamene ine ndimaona mphamvu ya seweroli: chowawa si chombo ayi, koma kunena zoona anthu osakukhulupirira.

Mu 1983, Kenneth Johnson anabweretsa sewero la V pa wailesi yakanema ya NBC. Alendo ake anafika poyera, akumwetulira, akulonjeza mankhwala ndi nzeru zatsopano, pomwe pansi pa khungu lawo anali abuluzi. Amene anaonera saiwala pamene Diana, mmodzi wa atsogoleri a alendowo, anayasamula n'kumeza mbira yamoyo. Komabe mtima wa nkhaniyo unali pa ulamuliro wankhanza wonga wa chipani cha Nazi, ndi mmene anthu wamba amayambira kuperekana okhaokha kuti adyerepo.

Canada inalowa m'ntchitoyi kudzera pa thumba. Dola yake inali yotsika poyerekeza ndi ya America, ndipo kujambula ku Toronto kapena ku Vancouver kunali kotchipa. War of the Worlds ya mu 1988, momwe alendo ankalanda matupi a anthu, inajambulidwa ku Toronto. The X-Files inajambulidwa ku Vancouver kuyambira mu 1993, isanasamukire ku Los Angeles mu 1998. Nkhalango zowirira, mvula yosakata ndi mdima wa kumeneko n'zimene zinapatsa seweroli nkhope yake, ndipo kwa ine zigawo za pambuyo pa kusamukako zinawala kwambiri mpaka mantha ena anachepa.

Chimandipweteka n'chakuti mizinda ya ku Canada imeneyi nthawi zambiri sinkatchulidwa ndi mayina ake. Msewu wa ku Vancouver ankaupachika zikwangwani zina, magalimoto n'kuwasintha manambala, woonera n'kumaganiza kuti ali ku Oregon kapena ku Virginia, m'dziko la America. Ngakhale First Wave, sewero lopangidwa ku Canada komweko kuyambira mu 1998, lonena za alendo otchedwa Gua obisala m'matupi a anthu, linaika nkhani yake ku America. Sebastian Spence, wobadwira ku Newfoundland ku Canada, ankasewera ngati Cade Foster, munthu wothawathawa m'matauni a ku America. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: msika waukulu unali kummwera kwa malire, ndipo opanga ankafuna kugulitsa kumeneko.

Pa kulimba mtima kolemba za mantha a dziko lako lomwe, America ndiyo inapambana, ndipo V ndi umboni wake. Koma amisiri a magetsi, ojambula ndi osewera a ku Vancouver ndi Toronto anagwira ntchito yaikulu yomwe mayina awo amangodutsa mofulumira kumapeto kwa gawo. Ndikanakonda kuona luso lomwelo likufotokoza za mlendo wobisala m'tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada m'nyengo ya chisanu, tauniyo ikutchulidwa ndi dzina lake lenileni.