Njerwa za pa Baker Street

Kasanu pa mlungu ndimasintha sitima pa Baker Street pochokera kuntchito, ndipo mwa masiteshoni onse a pansi pa nthaka muno mu London, iyi ndiyo yanga ya pamtima. Anzanga amatama masiteshoni atsopano a Elizabeth line, owala ndiponso aakulu ngati bwalo la ndege. Ndi okongoladi, sindikukana. Koma mukadzapezeka kuno, tsikirani ku pulatifomu 5 ndi 6, kumene kumadutsa sitima za Circle ndi Hammersmith & City, muimeko kanthawi.

Malo amenewo anatsegulidwa pa 10 Januwale 1863, tsiku limene njanji ya Metropolitan Railway, yoyamba ya pansi pa nthaka padziko lonse, inayamba kunyamula anthu kuchoka ku Paddington kupita ku Farringdon. Pomanga, anthu ogwira ntchito pansi pa injiniya John Fowler anang'amba msewu, anakumba ngalande yaikulu, anaimika makoma a njerwa, anakhotetsa denga ngati uta, kenako n'kukwirira kuti ngolo za akavalo ziziyendanso pamwamba. Njerwazo zidakalipo. Zina zinadetsedwa, zina n'zachikasu, ndipo ukaika dzanja umamva kuzizira kwake.

Chimene chimandigwira mtima ndi mabowo akuluakulu a m'khoma, opendekera m'mwamba cha kumsewu, okutidwa ndi matailosi oyera. Nthawi imeneyo sitima zinkayendera malasha, ndiye taganizani utsi wake mumphanga! Amisiri aja anasiya mabowowa kuti utsi uzituluka ndipo kuwala kwa dzuwa kuzilowa. Anaganizira chifuwa cha munthu woima papulatifomu. Lero mabowowo anatsekedwa ndipo mumayaka magetsi, koma ntchito yake imaonekabe.

Siteshoniyi yakula mowonjezerawonjezera. Njanji ya Bakerloo inabwera mu 1906, pansi penipeni, ya Jubilee mu 1979, mpaka pano pali njanji zisanu ndi mapulatifomu khumi, ndipo palibe siteshoni ina ya Underground, njanji za pansi pa nthaka za mu London, yokhala ndi mapulatifomu ochuluka chonchi. N'chifukwa chake mlendo amasokonezeka ndi masitepe ndi tinjira tokhotakhota. Ine sabata yanga yoyamba ndinakwerapo sitima yolowera kwina kawiri konse.

Maganizo anga ndi akuti amene anakonza mapulatifomu akalewa m'zaka za m'ma 1980 anachita bwino kwambiri potsuka njerwa n'kuzisiya poyera m'malo moziphimba. Ngati adzakonzenso mtsogolomu, aike zothandiza okalamba ndi oyenda pa njinga za olumala, zimenezo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma khoma lija asalipake utoto ndipo asalibise ndi zitsulo.

Dzulo cha m'ma 10 koloko usiku, miyendo ikuwawa, ndinakhala pabenchi la matabwa pansi pa limodzi la mabowo aja. Sitima yanga inafika, ndinaisiya ipite, ndinakwera yachiwiri.