Pempho lalikulu likhale ndi dzina

Mu Lusaka muno kupemphera timapemphera ndithu. Dutsani ku Matero, Chawama kapena Mandevu Lachisanu usiku, masipika akulira mpaka tambala woyamba. Lamlungu makalasi a pasukulu amasanduka matchalitchi, mpingo uwu chipinda ichi, wina chipinda chinacho. A Chiluba analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse pa 18 October. Koma tatcherani khutu mumve zomwe tikupemphazo. "Ambuye tidalitseni, titsegulireni makomo, tikumbukireni." Khomo lake liti? Mawu ndi okweza, thukuta lili kamukamu, koma palibe chomwe chatchulidwa. Ine ndimaona kuti ambiri timabisala m'mawu oterewa chifukwa cha mantha. Ukapempha zosadziwika bwino sungachite manyazi, poti palibe amene angaloze kuti sunayankhidwe.

Yesu ankaona ndi maso ake kuti Batimeyo ndi wakhungu, komabe anamufunsa chomwe akufuna. Munthu wokhala m'mbali mwa msewu akanatha kupempha kandalama ka chakudya cha tsikulo. Iye anatchula chosathekacho, kuti apenye.

Hezekiya ndiye amandigwira mtima kwambiri. Pa 2 Mafumu 19 walandira kalata yoopseza kuchokera kwa Senakeribu, mfumu ya Asuri yomwe inali itameza kale mizinda ya Yuda. Anaiwerenga, n'kupita nayo ku Nyumba ya Mulungu, n'kuitambasula pamaso pa Yehova. Inunso chitani chimodzimodzi, abale anga. Tengani pepala lenilenilo, kaya ndi zotsatira za kuchipatala, kalata ya eni nyumba yokutulutsani, samoni ya kukhoti, kapena pepala la fizi ya mwana. Liyaleni pamphasa, gwadani, liwerengeni mokweza monga lalembedwera, osachepetsa. Ngati ngongole ndi K8,000 ndipo ikufunika pa 30, nenani K8,000 ndi pa 30. Mugule kope la masamba ochepa, mulembe tsiku lomwe mwayamba, chinthu chomwe mukupempha, ndi vesi lomwe mwaimapo. Zinthu zisapitirire zitatu. Mukalemba makumi awiri mudzangoziwerenga ngati mndandanda wa zogula ku msika wa Soweto, mtima osakhalapo.

Kulembako kuli ndi ntchito ina. Pa Machitidwe 12 mpingo unkapempherera Petro ali m'ndende, womangidwa ndi maunyolo awiri, asilikali 16 akusinthana pomulonda. Atatuluka n'kukagogoda pakhomo, mtsikana Roda anazindikira mawu ake, koma opempherawo anamuuza kuti wapenga. Yankho lili panja likugogoda, eni pempho akukana kutsegula. Munthu amaiwala msanga chomwe anapempha, ndipo chikabwera mwa njira ina amati ndi mwayi chabe.

Musanalimbikire, liyeseni pempholo. Yakobo 4:3 akuti ena salandira chifukwa amapempha molakwika, kuti akamwaze pa zilakolako zawo. Funso losavuta ndi ili: Mulungu akayankha, alira ndani? Ngati mukupempha mwamuna wa mwini, kapena kuti mnzanu wogulitsa tomato pafupi nanu agwe, mukuvutika ndi maondo pachabe. Za mapemphero obwezera moto kwa adani, zomwe zafala masiku ano, kumbukirani kuti Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanira moto pa mudzi wa Asamariya Yesu anawadzudzula. Apongozi anu si chiwanda, mwangosemphana nawo chabe.

Kenako pamabwera kudikira, pomwe ambiri timagwera. Eliya pa phiri la Karimeli anali atangoona moto ukunyeketsa nsembe yothiridwa mitsuko 12 ya madzi, koma mvula yokha inamuvuta. Anawerama, nkhope pakati pa maondo, n'kutuma mnyamata wake kukayang'ana kunyanja. Kasanu ndi kamodzi mnyamatayo anabwera chimanjamanja. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndi pomwe anaona kamtambo konga dzanja la munthu, patatha zaka zitatu ndi theka kopanda mvula. Pempho lalikulu limafuna nthawi yoikika. Mphindi 20 tsiku lililonse, ola lomwelomwelo, ana asanadzuke ndiponso foni ili kutali, zimapita patali kuposa kuchezera usiku umodzi kenako n'kukhala chete mwezi wathunthu. Pezani munthu mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi oti muzipemphera nawo. Mateyu 18:19 akunena za awiri ogwirizana. Mukaponya vuto la banja lanu m'gulu la WhatsApp la anthu 200, opemphera adzakhala asanu, otsalawo apeza nkhani yokambirana m'minibasi.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindigonja nacho. Kupemphera molimba mtima sikuchotsa ntchito m'manja mwanu. Nehemiya anapemphera pafupifupi miyezi inayi za malinga a Yerusalemu. Tsiku lomwe mfumu Aritasasta inamufunsa chomwe akufuna, sanachite chibwibwi. Anali atadziwa kale nthawi yomwe ulendo udzatenge, makalata omwe akufunika kwa abwanamkubwa a m'njira, ngakhale dzina la woyang'anira nkhalango ya mfumu, Asafu, woti amupatse mitengo. Linga linatha m'masiku 52. Munthu amene akupempherera ntchito makalata ake a sukulu akhale okonzeka m'envulopu, foni ikhale yoyaka. Amene akupempherera mpamba wa bizinesi adziwe mtengo wa katundu, wa thiransipoti ndi wa malo, kuti wina akafunsa kuti mukufuna zingati asayambe kuyang'ana kudenga.

Pa matenda ndiye pamafunika kunena mosapsatira, chifukwa apa anthu amataya moyo. Hezekiya yemweyo atadwala, Mulungu anamuwonjezera zaka 15, koma Yesaya analamulabe kuti aike phala la nkhuyu pa chithupsacho. Lonjezo ndi mankhwala zinayendera limodzi. Munthu akasiya ma ARV chifukwa wauzidwa kuti wachira, kachilombo kamachulukanso m'magazi ndipo kangathe kuyamba kusamva mankhwala omwe ankamwawo. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kusiyira panjira chifukwa chifuwa chaleka ndi komwe kumabweretsa TB yovuta kuchiza. BP simapweteka, imangogwetsa munthu tsiku limodzi. Ngati mukukhulupirira kuti mwachiritsidwa, pitani mukayezetse. Yesu mwini anatuma akhate kukadzionetsa kwa ansembe, omwe ndiwo anali ndi udindo wotsimikizira. Chozizwitsa chenicheni sichiopa labu. Ndipo tonse tikukumbuka kolera ya kumayambiriro kwa 2024, Heroes Stadium itasanduka chipatala. Wotsegula m'mimba mumupempherere muli m'njira yopita kuchipatala, akumwa madzi a ORS. Ngati mulibe paketi, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Kusala kudya n'kwabwino, kumathandiza mtima kukhazikika pa chinthu chimodzi. Koma si kunyanyala chakudya kuti Mulungu achite mantha. Woyamba kumene ayambe ndi kusala kuyambira m'mawa mpaka 18 koloko, akumwa madzi. Kusala kopanda madzi m'nyengo yotentha ya October kumavulaza impso, ndipo Estere yemwe timamutchula kawirikawiri analekezera masiku atatu. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga ndi omwe mankhwala awo amafuna chakudya asale zina, monga foni kapena TV. Pomasula yambani ndi phala kapena tiyi, nsima ya nyama ibwere pambuyo.

Za mbewu, ndalama zomwe ena amati mupereke kuti pempho lanu liyankhidwe, ndingonena mwachidule. Kupereka ku mpingo ndi nkhani ina, kugula yankho ndi nkhani inanso. Elisa anakana mphatso za Namani atachira, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu, Petro anamuuza kuti awonongeke nazo pamodzi. Wina akakuuzani kuti pempho lanu lakanika chifukwa envulopu inali yopyapyala, nyamulani chikwama chanu. Ndalama ya lendi ndi ya lendi.

Nanga chikapanda kuchitika? Funso ili alaliki ambiri amalilumpha, koma Baibulo sililumpha. Chaputala chomwechija cha Machitidwe 12 chimayamba ndi Herode akupha Yakobo ndi lupanga. Sindikhulupirira kuti mpingo womwe unachezera Petro unangokhala osamupempherera Yakobo. Mmodzi anatuluka, wina anaikidwa m'manda. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, anauzidwa kuti chisomo chikumukwanira. Sadirake, Mesaki ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa, n'kuwonjezera kuti ngakhale atapanda kutero fano salipembedza. Kwa ine kulimba mtima kwenikweni kuli m'mawu achiwiriwo. Kunena kuti "kufuna kwanu kuchitike" kumakhala kuthawa ngati mwayamba nako musanapemphe kanthu. Ku Getsemane Yesu anayamba watchula chomwe ankafuna, kuti chikho chimupitirire, kenako n'kugonjera.

Choncho mayi amene anasala, anayala mapepala a kuchipatala pamphasa, anapemphera miyezi, mwana n'kumwalirabe, musamuuze kuti chikhulupiriro chake chinachepa kapena kuti pali tchimo lobisika. Anzake a Yobu ananena zoterezi ndipo Mulungu anawakwiyira. Davide anagona pansi masiku 7 akupempherera mwana wake. Mwanayo atamwalira anadzuka, anasamba, anakalambira, kenako anapempha chakudya. Mukapita pamaliro oterowo tengani ufa ndi thumba la makala, mukhale pansi pafupi ndi mayiyo, ndipo kope lake lija musalifunse. Adzalitsegula yekha.