Mtsutso wa maloya usamathere m'mahotela

Mwalemba kuti ophunzira zamalamulo ayambitse gulu ngati Federalist Society ya ku America, yomwe inayamba mu 1982 ndi mfundo yoti woweruza azitsata zomwe zinalembedwa m'malamulo, osawonjezera zakezake. Mbali ina ndikugwirizana nanu. Taonani nkhani ya chisankho cha pulezidenti kuno ku Malawi: mu 2000 Khothi la Suprimu linati amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake wapambana basi, mu 2020 makhothi n'kudzati ayi, pakufunika mavoti oposa theka (50+1). Chonsecho lamulo linali lomwelo! Apa m'pofunika ophunzira zamalamulo a ku yunivesite ya ku Zomba azikanganapo ndithu, mbali zonse zimveke. Koma chonde inu maloya, mukabwera kuno ku Mangochi kumisonkhano yanu ya kunyanjayi, mtsutsowo muziwuikako pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao, nafenso tizitsatira.