Kope la maganizo lisaone bolopeni yofiira

Aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mumakhala pansi ndi ana kuwathandiza kuwerenga, mwina ena mundida nazo izi koma ndinena ndithu. Mukauza mwana kuti azilemba m'kope zimene akuganiza pa buku lomwe akuwerenga, kope limenelo musamalichonge. Musamaikemo malikisi, musamazungulize mawu olakwika ndi bolopeni yofiira.

Ine ndinalakwitsapo, n'chifukwa chake ndikuyankhula motsimikiza chonchi. Chaka choyamba ndinauza ophunzira anga kuti aliyense akhale ndi kope lapadera, akamaliza mutu m'buku azilembamo maganizo ake. Lachisanu lililonse ndinkatolera makopewo n'kuwachonga ngati chimangirizo. Pasanathe mwezi onse anayamba kufanana ngati mapasa. "M'mutu uwu taona kuti..." kenako nkhani yonse kuibwereza kuyambira poyambira mpaka pothera, nkhani yomwe ine mwini ndinaiwerenga kale kambirimbiri. Pamapeto pake kachiganizo kaja: "Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti tizimvera makolo." Chonsecho m'mutumo munalibe kholo ngakhale limodzi! Anawo sanali opusa ayi. Anali atazindikira kuti malikisi amapita kwa chiganizo chopanda cholakwika, ndipo chiganizo chopanda cholakwika ndi chija wachikopera m'buku. Ndinapempha maganizo, ndinalipira kukopera.

Kulemba ukawerenga kuli ndi phindu lomwe akatswiri analiyesa. Kale mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti zambiri zomwe munthu waphunzira zimauluka msanga, maola oyambirira omwewo. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwerezabwereza, ena anawerenga ulendo umodzi wokha kenako n'kumalemba zomwe akukumbukira pepala lili kutali. Patapita mlungu, obwereza kuwerenga aja anakumbukira 40 peresenti, olemba aja 61 peresenti. Chomwe chimandiseketsa n'chakuti obwereza kuwerengawo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti sadzaiwala. Choncho lamulo langa loyamba masiku ano n'lakuti tseka buku kaye, lemba zomwe zatsala m'mutu, kenako utsegule uone pomwe wasochera.

Komabe kukumbukira ndi kachigawo kakang'ono ka nkhaniyi. Chachikulu anachinena Louise Rosenblatt, mphunzitsi wa ku America, kuyambira mu 1938: tanthauzo la nkhani limabadwa pomwe wowerenga wakumana ndi zolembedwazo, aliyense ndi katundu wake wa moyo. Pambuyo pake anasiyanitsa mawerengedwe awiri. Pali kuwerenga kofuna kutolapo mfundo n'kuchoka, monga umachitira ndi malangizo a chipangizo chatsopano, ndiye pali kuwerenga kolowa m'nkhani, mtima n'kumagunda limodzi ndi mtengambali. Mafunso athu ambiri a m'kalasi ndi a mtundu woyamba uja. Anapita kuti? Anakumana ndi yani? Tchulani zifukwa zitatu. Mwana amafika pomawerenga ndakatulo ngati akusaka nambala ya foni. Kope la maganizo ndi malo okhawo pomwe kuwerenga kwachiwiri kuja kumapezako mpata wopuma, ndiye ife n'kubweranso ndi bolopeni yofiira pomwepo?

Panopa ndimachita motere. Tsamba timaligawa pakati ndi mzere. Kumanzere mwana amakopera chiganizo chimodzi chomwe chamuimitsa powerenga, ndi nambala ya tsamba. Kumanja amalemba chifukwa chomwe waimira pamenepo. Mphindi 10 zakwana. Kwa amene wasowa poyambira ndili ndi timafunso tomwe sangatiyankhe pokopera: ndi pati pomwe sunamvetse? Ndani wakunyansa m'mutu uwu? Ndi pati pomwe ukuona kuti mlembi wanama, munthu weniweni sangachite choncho? Funso lomalizali ndi lomwe limawatsegula pakamwa. Ana ambiri sanauzidwepo kuti buku n'lololedwa kutsutsana nalo.

Mtsikana wina wachete, woti chaka chonse sanakwezepo mkono, analemba kumanja kwa tsamba mizere itatu yokha. Anati sakukhulupirira kuti mtengambali wakhululukira mchimwene wake, wangotopa naye, ndipo kutopa ndi kukhululuka n'zosiyana ngakhale kunja zimaoneka chimodzimodzi. M'mizere itatuyo munali mawu awiri olakwika kalembedwe. Ndikanakhala ine wa chaka choyamba uja ndikanazunguliza awiriwo n'kulemba 4/10 chifukwa zafupika. Ndinangolemba ndi pensulo pansi pake: "Ndi mawu ati m'bukumu akupangitsa kuganiza choncho?" Mlungu wotsatira anabwera ndi tsamba lathunthu, ziganizo zitatu atazitola m'mitu yosiyanasiyana. Umboni wochokera m'nkhani womwe timaukalipira pa mayeso uja anakaufuna yekha, chifukwa tsopano anali ndi mlandu woti awine.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena kale. Nanga galamala? Galamala ili ndi nthawi yake ndi kope lake, ichongeni kumeneko mpaka bolopeni ithe. Mukaona kuti theka la kalasi likulakwitsa chinthu chimodzi, chilembeni pa kapepala kanu mukachiphunzitse pa bolodi, osatchula dzina. Nanga popanda malikisi alemba? Ena salemba, zoona. Ine ndimangoona ngati tsiku lalembedwa ndipo tsamba si loyera, basi. Masabata oyambirira mudzalandira "nkhaniyi ndi yabwino" kangapo, ndipo mudzafuna kusiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankhani kuti "yabwino pati?" mudikire.

Za kuchuluka kwa ana m'kalasi, ilo ndi dandaulo lomwe ndimalimvetsa kuposa onse. Palibe angawerenge makope onse mlungu uliwonse n'kukhalabe ndi moyo. Ine ndimatenga ochepa mosinthanasinthana, kuti aliyense ndimuyankhe kamodzi pamwezi. Masiku ena amasinthana awiriawiri, wina n'kuyankha mnzake ndi funso limodzi.

Pali chinanso chomwe sindinachiyembekezere. Buku likakhudza imfa kapena kusweka kwa banja, ana ena amalemba za kwawo. Choncho tinagwirizana kuti tsamba lomwe mwini wake walipinda sindiliwerenga, ndipo sindiwerengera kalasi kope la munthu asanavomere. Ndinawauzanso poyera kuti ndikawerenga zoonetsa kuti wina ali pangozi, sindikhala chete.

Kumapeto kwa teremu ndimawauza kuti abwerere pa tsamba loyamba awerenge zomwe analemba kalelo, kenako alembe pambali pake ngati akugwirizana nazobe. Mtsikana uja anabwerera pa mizere yake itatu. Mawu awiri olakwika aja anawakonza yekha, koma za kukhululukazo analemba kuti sanasinthe maganizo, ndipo mlembi akanakhala pafupi akanamufunsa.