Muwerengenso amene amatola zinyalala tisanadzuke

Mtolankhani, mwalemba kuti anthu a mumzinda sadziwa kupatula zinyalala, ndiye kuti zobwezeretsedwa ndi zochepa. Apa mwaphonya. Kodi munaŵafunsa amayi ogulitsa thobwa ndi madzi ozizira kuti mabotolo awo amachokera kuti? Munaŵaona anyamata oyenda ndi thumba ndi sikelo m'makwalala a Ndirande, akugula zitsulo zakale? Nanga aja amene amakhala tsiku lonse kumtaya wa zinyalala ku Mzedi akusankha mapulasitiki m'mulu wonunkha? Ameneŵa akubwezeretsa zinthu tsiku ndi tsiku, koma palibe buku limene ntchito yawo imaloŵamo. Mukangoŵerengera zimene lole yanyamula, mwayeza mbali imodzi yokha.

Kwathu ndinayesa kupatula kwa mwezi wathunthu. Chidebe cha makoko a mbatata, masamba oola, zotsala za nsima ndi phulusa la mbaula chinkadzaza msanga kuposa zina zonse. Zimenezo ndinakumbira dzenje kuseri kwa nyumba, pano ndikuthira manyowa ake pa mpiru. Majumbo ndiwo anandisoŵetsa mtendere: opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) analetsedwa mu 2015, khothi lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019, koma mtsinje wa Mudi ukadali nawo mbwee.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti tsiku limene lole inabwera, matumba anga osiyanasiyana anawakhuthulira pamodzi. Anzanga oŵerenga, ndani angapitirize kupatula ataona zotere? Akhonsolo ya mzinda ayambe ndi kutenga zoola pazokha m'misika, aziyeze pa sikelo, ndipo otola aja alembedwe mayina ndi kulipidwa.