Asanapite ku atachimenti, aphunzire kufunsa osatokosa bala

Maganizo anga ndi awa: wophunzira ntchito yosamalira anthu (ya sosho), kaya ali kukoleji ku Magomero, ku Chanco kapena ku Nguludi, asamatumizidwe ku atachimenti, kumene amakaphunzirira ntchito m'maofesi, asanaphunzire momwe munthu amene wadutsa m'zoopsa amakhalira, ndi momwe angalankhulire naye osamuwonjezera ululu. Phunziroli lisamadikire chaka chomaliza.

Taganizani za mtsikana amene wagwiriridwa. Ayambe wafotokozera mayi kapena azakhali ake. Kwa amfumu afotokozenso. Kupolisi, kuchipatala, kwa a sosho, kenako kukhoti, pamaso pa womuchita chipongweyo. N'chifukwa chake adakhazikitsa ma One Stop Centre, monga ya ku Queens ku Blantyre, kuti adotolo, apolisi ndi aphungu apezeke pamalo amodzi. Koma ngakhale mutawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi, wofunsayo akangoti "nanga bwanji sunakuwe?" mwanayo atseka pakamwa, ndipo mwina sadzabweranso.

Wophunzira ayenera kudziwa chifukwa chake funso limenelo ndi nkhanza. Mantha akafika pachimake, ena amathawa, ena amalimbana, koma ambiri thupi limangouma, mawu osatuluka. Sanasankhe kutero. Ayeneranso kudziwa kuti zoopsa sizikumbukika mwandondomeko. Lero mwana anena kuti kunali madzulo, mawa ati usiku, fungo la mowa akulikumbuka bwinobwino koma tsiku waiwala. Wosaphunzitsidwa alemba mufayilo kuti mwanayu akunama. Chimodzimodzi mwana wamkulu amene wayambanso kukodza pogona, wayamba ndewu kusukulu, kapena akuseka pofotokoza zomvetsa chisoni. Kumudzi timafulumira kunena kuti ndi mwano. Wa sosho azifunsa kuti chamuchitikira n'chiyani.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama za mabungwe ayi. Kudzitchula dzina ndi ntchito yako. Kumuuza munthu poyamba pomwe kuti zimene anene ziwerengedwa ndi ndani, ndipo ziti zomwe lamulo likukakamiza kukanena. Kumulola asankhe pokhala, asankhe womuperekeza, apume akafuna. Wochitiridwa nkhanza adalandidwa mphamvu yosankha, choncho ngakhale kusankha mpando kuli ndi tanthauzo kwa iye.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi ophunzira eniakewo. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene adachitika m'dziko muno mu 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, adachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Ana amenewo adakula, ndipo ena ndi omwe akhala m'makalasi athuwa. Onjezerani aja adataya abale ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ena adasankha ntchitoyi chifukwa cha zomwezo. Ndiye mphunzitsi akalowa n'kuyamba kuwerenga nkhani ya kugwiriridwa mwatsatanetsatane osachenjeza, kapena kuloza mtsikana kuti "iwe, tabwera uchite sewero ngati wogwiriridwa", akuchita m'kalasi zomwe akuletsa kuofesi. Achenjeze sabata isanafike. Wofuna kutuluka atuluke osafunsidwa chifukwa. Ndipo aliyense asakakamizidwe kuulula za moyo wake kuti apeze malikisi.

Ndikudziwa ena anena kuti tikulera anthu ofooka, ntchitoyi njofuna olimba mtima. Inde njofuna olimba mtima. Koma kulimba kwa "mwamuna salira" ndi komwe kumapangitsa munthu kumva nkhani zowawa chaka ndi chaka, osauzako wina, mpaka kuyamba kukalipira amene abwera kudzapempha thandizo, kapena kuthawira kumowa. Anthu oterewa sadayambe ntchito ali ouma mtima. Adatopa opanda wowamvera.

Akatswiri a zamaganizo m'dziko muno ndi ochepa. Zipatala za matenda a maganizo za ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu n'kutali kwa mayi wa ku Nsanje kapena ku Mchinji. Kawirikawiri wa sosho wa paboma ndiye woyamba kumva nkhaniyo, mwinanso yekhayo. Pamsasa wa Dzaleka ku Dowa, komwe kuli anthu othawa nkhondo ku Congo ndi ku Burundi, nkhani zake n'zolemera kuposa apa, ndipo ophunzira athu adzakumana nazo.

Choncho kwa inu aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi olandira ophunzira, pempho langa ndi lakuti aliyense wopita ku atachimenti akhale ndi womuyang'anira wodziwika, wokhala naye pansi sabata iliyonse. Asamangoona ngati mafomu adzazidwa bwino. Azimufunsanso ngati akugona tulo, ndi nkhani iti imene ikumuvuta kuiwala. Ngati ofesi ilibe munthu wotere, sukulu isatumizeko mwana wa eni.