Kuonera anyani okwera mahatchi si kuwerenga Boulle

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Pa gulu lathu la WhatsApp la okonda mafilimu mnyamata wina walemba molimba mtima kuti buku la Planet of the Apes palibe chifukwa choliwerengera, akuti nkhani yake ndi yomwe ija tonse tinaonera, mzungu kugwada pamchenga kutsogolo kwa chifanizo cha Statue of Liberty, basi kwatha. Ena n'kumamuombera m'manja, kumuponyera timitima tofiira. Nditamufunsa ngati analitsegulapo bukulo, yankho lake akuti, "Madala, mabuku ndi a mayeso." Kenako n'kuwonjezera kuti mwina wolembayo anachita kukopera ku filimu.

Kukopera ku filimu! Bukulo linatuluka mu 1963, filimu yoyamba mu 1968. Mwana angabale bwanji make?

Mverani abale anga, ndinena kamodzi kenako ndibwerezanso mpaka mutope nane. M'buku la Pierre Boulle mulibe Statue of Liberty. Mulibe bomba la nyukiliya. Mulibe kachilombo kothawa mu labu. Mulibe Taylor, mzungu wa pamchenga uja, mulibe Caesar, mtsogoleri wa anyani wa m'mafilimu. Mafilimu 10 apangidwa kuchokera 1968 kufika 2024, kuwonjezera apo sewero la pa TV la 1974 ndi katuni ya 1975, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inajambula buku lija momwe lilili. Anatengako anyani, mayina a Zira, Cornelius, Zaius ndi Nova, mtima wa nkhani n'kuusiya pakhomo.

Boulle anali Mfalansa, ndipo anthu ake ndi Afalansa. Mtolankhani Ulysse Mérou akunyamuka m'chaka cha 2500 pamodzi ndi Pulofesa Antelle ndi wophunzira wake Arthur Levain, ulendo wa ku nyenyezi ya Betelgeuse. Dziko limene akutera akulipatsa dzina loti Soror. Ndi dziko lina, osati lathu lino lobisika ngati mu filimu ya 1968 ayi. Ndipo anyani a kumeneko sayenda pa mahatchi ngati m'mafilimu a makaubo. Ali ndi magalimoto, ndege, mizinda, mayunivesite, manyuzipepala. Amavala masuti. Magorila amapita kukasaka anthu ndi mfuti, akazi awo n'kumadikira pamthunzi atatchena, kenako onse kujambulitsa zithunzi pambali pa mitembo yoyalidwa bwinobwino. Levain akufera pa uzimba womwewo. Ulysse akuponyedwa m'khola la kafukufuku, maliseche, ndipo kuti Zira, wasayansi wachimpanzi, akhulupirire kuti m'mutu mwake muli nzeru akuchita kumujambulira masamu a Pythagoras papepala. Akuphunzira chiyankhulo cha anyani pang'onopang'ono, mpaka kukaima pamsonkhano waukulu wa asayansi awo n'kudzilankhulira yekha. Mu filimu ya 1968 anyani amangolankhula Chingerezi cha bwino kuyambira pachiyambi, ndipo Taylor, munthu wophunzira woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, sadabwa n'komwe mpaka kumapeto. Imeneyo ndiye mukuti ndi nkhani imodzi?

Koma zonsezo ndikanazikhululukira. Mahatchi, Chingerezi, Mfalansa kusanduka Mmereka, zonsezo ndi zovala chabe. Chimene sindikhululuka n'choti anasintha wolakwa.

M'buku, anthu a ku Soror sanagonjetsedwe pa nkhondo. Sanaphulitsane. Sanadwale. Anangochita ulesi. Anali ataphunzitsa anyani ntchito zapakhomo ndi za m'fakitale, anyaniwo n'kumatsanzira chilichonse, anthu n'kumangokhala. Pali chigawo china chimene chimandiimitsa tsitsi nthawi iliyonse ndikachikumbuka. Wasayansi wina wachimpanzi akugwiragwira ubongo wa mkazi wa m'khola ndi magetsi, ndipo mkaziyo akuyamba kulankhula mawu a makolo ake akalekale amene anasungika m'magazi. Mawuwo akufotokoza momwe zinayendera. Anthu anasiya kuwerenga mabuku, ngakhale timabuku tosavuta tomwe. Kuganiza kunayamba kuwatopetsa. Gorila wantchito amene wakhala m'nyumba zaka zambiri tsiku lina akukana kutumidwa, mwini nyumba n'kuchita mantha, n'kumusiyira nyumbayo. Ndipo potsiriza, anyani pobwera kudzathamangitsa otsala, sanavutike n'kunyamula mfuti. Ananyamula zikwapu. Zikwapu basi, chifukwa munthu amene anasiya kuganiza safuna chipolopolo.

Nkhani yake ndi imeneyo. Palibe amene anatilanda dziko, tinachita kulipereka titagona chagada.

Ndiye taonani zimene Hollywood inachita nazo. Mu 1968 Rod Serling ndi Michael Wilson, olemba filimu yoyamba ija, analemba kuti wolakwa ndi bomba. Inali nthawi ya mantha a nkhondo ya nyukiliya pakati pa America ndi Soviet Union, ndiye zinagwira anthu mtima, sindikana, ndipo Charlton Heston, amene anali Taylor, anasewera bwino pamchenga paja. Koma bomba amaphulitsa ndi akuluakulu a boma ndi akazembe a asilikali. Iwe woonera umatuluka mu holo uli woyera ngati thonje, n'kumatukwana andale. Mu 2011, mu Rise of the Planet of the Apes, wolakwa wasanduka kampani ya mankhwala ya ku San Francisco imene ikufufuza mankhwala a matenda oiwalaiwala a Alzheimer, kachilombo n'kupulumuka n'kupulula anthu. Apanso iwe ulibe mlandu, olakwa ndi asayansi ndi mabwana adyera. Dawn ya 2014, War ya 2017, Kingdom ya 2024, zonse zikuyenda pa njanji yomweyo. Nthawi zonse pali wina woti timuloze chala. Boulle yekha ndi amene anatembenuza chalacho n'kuloza wowerenga, ndipo chimenecho ndiye palibe amene akufuna kuchijambula. Chifukwa chake? Ndalama basi, munthu salipira tiketi kuti akauzidwe kuti ndi waulesi.

Ndipo musandiuze za Andy Serkis, wosewera Caesar m'mafilimu atsopanowa. Ndikudziwa kuti Caesar wake ndi wokongola, maso ake amalira ngati a munthu, ubweya uliwonse umaoneka pawokha, makompyuta anagwira ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anyani a Boulle si ngwazi zomenyera ufulu. Ndi otsanzira. Chitukuko chawo chinaima malo amodzi kwa zaka masauzande chifukwa zonse anachita kukopera kwa anthu, ndipo maorangutani, gulu la Zaius, ntchito yawo ndi kulemba mabuku obwereza zimene zili m'mabuku ena n'kumapatsana ulemu. Boulle ankaseka maprofesa, ankaseka akuluakulu a m'maofesi, ankaseka tonsefe amene timaloweza popanda kumvetsa. Ankafunsa kuti ngati ntchito yako yonse nyani angathe kuitsanzira, ndiye umunthu wako uli pati? Mafilimu atsopanowa anatenga funso limenelo n'kulisandutsa nkhani ya mfumu yabwino yotsogolera mtundu wake ku dziko lolonjezedwa. Zokoma kuonera, inde. Koma si Boulle.

Nanga Pulofesa Antelle, ndani mwa inu oonera mafilimu amene akumudziwa? Munthu wanzeru kuposa onse pa ulendowo, amene anakonza chombo chonsecho. Anyani anamuika m'malo oonetserako nyama. Ulysse akumuona akupempha chakudya kwa ana a anyani, ndipo atamasulidwa n'kupita kukamutenga, akumupeza osalankhula, osamuzindikira n'komwe. Palibe amene anamuchita opaleshoni. Anangozolowera khola, kudya ndi kugona, nzeru n'kuzimiririka. Mu filimu ya 1968 mnzake wa Taylor, Landon, anachita kumung'amba mutu n'kumudula ubongo. Mwaona? Ngakhale pamenepa anayenera kupeza mpeni ndi wogwira mpeniwo. Lingaliro loti munthu wophunzira akhoza kusanduka nyama payekha, popanda womukakamiza, linawakulira.

Mathero ake nawonso. Ulysse akuthawa ku Soror ndi Nova, mkazi wa kumeneko, ndi mwana wawo Sirius, akubwerera kwathu kuno patapita zaka pafupifupi 700, akuona Eiffel Tower ili chiimire, akutera pa bwalo la ndege la Orly ku Paris mtima uli m'malo. Galimoto ikubwera kudzawalandira, wotsikamo ndi gorila wovala yunifolomu. Dziko lathu silinapse, nyumba zonse zilipo, koma zomwe zija zachitikanso kuno. Ndipo pamwamba pa zonsezo, nkhani yonseyi tikuiwerenga kudzera mwa Jinn ndi Phyllis, banja lina lolemera limene likuyenda ulendo wokasangalala m'mlengalenga n'kutola botolo lokhala ndi kalatayo. Atamaliza kuwerenga akuseka kuti ndi nthano chabe, munthu sangakhale ndi nzeru. Iwowo ndi achimpanzi. Tim Burton mu 2001 anayesako kubweza kamathero ka kubwerera kwathu kaja, Mark Wahlberg kutera ku Washington n'kupeza chifanizo cha Lincoln chili ndi nkhope ya nyani, koma poti filimu yonseyo sinakonze njira yofikira pamenepo, anthu anatuluka akukanda mitu. Unali mchira womata pa nyama ina.

Wina pa gulupo anati nanga makomiki? Ndiye ndinaseka chopweteka. Kampani ya Marvel inatulutsa magazini ya Planet of the Apes kuyambira 1974 mpaka 1977, Doug Moench akulemba, ndipo zimene ankachita ndi kujambula mafilimu asanu aja ndi kuwonjezera nkhani zawozawo za m'dziko la mafilimuwo. Kampani ya Malibu inabwera cha m'ma 1990, Dark Horse inatsatira filimu ya Burton mu 2001, BOOM! Studios inayamba mu 2011, mpaka kufika pokumanitsa anyaniwa ndi a Star Trek, ndi Tarzan, ndi King Kong. King Kong, abale! Nthawi yojambula nyani wamkulu ngati phiri inapezeka, koma ya Ulysse Mérou ayi. Pa filimu ankanamizira kuti mzinda wamakono wa anyani ndi wodula kumanga, n'chifukwa chake zolemba zoyamba za Serling, zimene zinali ndi magalimoto ndi nyumba zosanja, anazisintha n'kuika midzi ya miyala. Chabwino. Nanga papepala, helikopita imadula ndalama zingati kujambula? Inki yake si yomweyo? Mu 2018 BOOM! inatulutsa Planet of the Apes: Visionaries, ndipo anthu anasangalala kuti tsopano tikuona anyani a masuti. Koma imeneyo ndi komiki ya zolemba za Serling, ndi Statue of Liberty yake yomwe, osati ya buku. Kukopera wokopera. Amene analimba mtima kujambula bukulo ndi Ernő Zórád wa ku Hungary mu 1981, ndipo ndani wa ife amene anaionapo? Ngakhale katuni ya ana ija ya 1975, Return to the Planet of the Apes, inaposa mafilimu a mamiliyoni, poti anyani ake anali ndi magalimoto ndi ma TV.

Chilungamo chake, Escape from the Planet of the Apes ya 1971 inabako pang'ono mochenjera. Zira ndi mwamuna wake Cornelius akufika ku America, akutchuka, akuvekedwa zovala zapamwamba, kenako boma likuchita mantha litamva kuti Zira ndi woyembekezera, zomwe zinachitikira Ulysse ndi Nova koma mozondoka. Conquest ya 1972 inaonetsako anyani ogwira ntchito zaukapolo m'mizinda. Koma nayonso inathera ku moto ndi mfuti, chifukwa ulesi suphulika, ndiye sugulitsa.

Ndipo munthu ameneyu Hollywood inamuchita zachipongwe kawiri. Buku lake lina ndi limene linabala filimu ya The Bridge on the River Kwai ya 1957. Amene analemba filimuyo anali Carl Foreman ndi Michael Wilson yemwe uja, koma poti onse awiri anali pa mndandanda wa oletsedwa ntchito powaganizira za chikomyunizimu, dzina limene linalembedwa ndi la Boulle, mpaka kumupatsa Oscar, munthu woti Chingerezi sankachilankhula. Mphoto ya zimene sanalembe anamupatsa. Zimene analembadi, atapereka zolemba zake za filimu yachiwiri ya anyani, Planet of the Men, anazikana. Anamwalira mu 1994 asanaone buku lake pa kanema momwe analilembera.

Ndiye mnyamata iwe wa "mabuku ndi a mayeso", ukudziwa kuti uli m'bukumo? Uli pa tsamba lija la anthu amene anasiya kuwerenga poti zimatopetsa. Umaonera Caesar n'kumaseka anthu osalankhula a m'nkhalango aja, pamene iwe kabuku kochepa ngati kameneka kakukukanika. Anyani sasekana zikundu. Kuonera si kuwerenga. Kumva wina akufotokoza pa YouTube kwa mphindi khumi si kuwerenga. Kufunsa foni kuti ikuuze mwachidule si kuwerenga, ndipo kumeneko ndiye kupereka makiyi a nyumba kwa gorila kwenikweni.

Komanso amene amapanga zikuto za ma DVD a filimu ya 1968 aja ndi anthu otani? Chinsinsi chonse cha filimuyo ndi chifanizo chija, chimaoneka mu mphindi yomaliza, ndiye iwo n'kuchiika pachikuto penipeni, chachikulu, Heston atagwada pansi pake. Munthu usanaike n'komwe chimbale mu makina wadziwa kale mathero. Ndipo dzina la Boulle ukalifuna pamenepo uchite kubwereka magalasi a agogo.